Pepala lanu loyamba la microsurgery liyambire m'kaundula wa ku fiyeta

Madokotala amene akuphunzira opaleshoni akanditumizira mapepala awo a kafukufuku kuti ndiwaonere asanapite ku magazini, funso lawo limakhala limodzi: kodi akonzi masiku ano akufuna chiyani? Ena amafika atasankha kale mutu wa maloboti, poti ndi umene wadzaza pa intaneti. Ine ndimawauza kuti ayambe agula buku lachikuto cholimba, aliike ku fiyeta, ndipo flap iliyonse (chidutswa cha thupi chosamutsidwa kukatseka bala) imene achita ilembedwemo tsiku lomwelo, yamoyo ndi yakufa yomwe. Mapepala odalirika a ntchito imeneyi amatuluka m'buku lotere. Koma kuti mudziwe zolembamo, muyenera kudziwa kaye kumene ntchitoyi yachokera ndi kumene ikulowera.

Kwa amene si a ntchitoyi, microsurgery ndi kusoka mitsempha yaing'ono kwambiri, ya milimita imodzi kapena mamilimita awiri, dokotala akuyang'anira pa maikulosikopu, ndi ulusi wa 9-0 kapena 10-0 umene ndi woonda kuposa tsitsi. Chala chodulidwa chimabwezeretsedwa motero. Timachotsanso khungu, mnofu kapena fupa mbali ina ya thupi pamodzi ndi mitsempha yake, n'kukatseka nalo bala lalikulu kwina, titalumikiza artery (mtsempha wobweretsa magazi) ku artery ndi vein (mtsempha wobweza magazi) ku vein. Chidutswa chimenechi ndiye free flap. Magazi akayenda chimakhala ndi moyo, akaundana pa msoko chimafa.

Werengani mapepala akale, muone chimene chasintha

Mu 1960 Julius Jacobson ndi Ernesto Suarez a ku Vermont anaonetsa kuti mitsempha yaing'ono ingasokedwe bwino pansi pa maikulosikopu. Mu 1963 Chen Zhongwei ku Shanghai anabwezeretsa dzanja la munthu wogwira ntchito m'fakitale, ndipo mu 1965 Komatsu ndi Tamai ku Nara, Japan, anabwezeretsa chala chachikulu cha dzanja chimene chinadukiratu. Daniel ndi Taylor ku Melbourne anafalitsa free flap yawo ya khungu mu 1973, ndipo patapita zaka ziwiri Taylor anasamutsa fupa la fibula, laling'ono la kumunsi kwa bondo, ndi mitsempha yake. Mukawawerenga mapepala amenewa muona kuti ambiri ndi a wodwala mmodzi kapena awiri. Nthawi imeneyo zinali zokwanira, chifukwa funso linali loti kodi n'zotheka.

Kenaka panabwera nthawi yofufuza kumene ma flap angachotsedwe. Yang ndi anzake ku China anafotokoza flap ya pamkono mu 1981, Song anafotokoza ya pantchafu, imene timaitcha ALT, mu 1984. Taylor ndi Palmer anajambula mapu a mitsempha ya thupi lonse mu 1987. Koshima ndi Soeda mu 1989 anaonetsa kuti khungu la pamimba lingatengedwe osadula mnofu wa pansi pake, ndipo Allen ndi Treece anagwiritsa ntchito nzeru yomweyo pokonza bere mu 1994. Hidalgo anakonza nsagwada ndi fibula mu 1989. Pofika 2002, Fu-Chan Wei wa ku Chang Gung Memorial Hospital ku Taiwan anafalitsa ma flap a ALT 672 m'pepala limodzi.

Nambala imeneyo ikuuzeni chinthu. M'zipatala zazikulu za ku Taiwan, Japan, Korea, Ulaya ndi America, ma free flap oposa 95 pa 100 amakhala ndi moyo. Choncho pepala longonena kuti tinachita ALT ndipo inagwira, mkonzi wa kumeneko salionanso ngati nkhani. Mafunso anasamukira kwina.

Kumene kafukufuku akulowera tsopano

Mbali imodzi ndi ya mitsempha yocheperapo. Koshima anatsogolera chimene amachitcha supermicrosurgery, kusoka timitsempha tosakwana milimita imodzi, ndipo njira imeneyi ndi imene imagwiritsidwa ntchito pa opaleshoni yolumikiza timitsempha ta lymph (madzi a m'thupi) ku vein pofuna kuchepetsa kutupa kwa mkono kapena mwendo. Maloboti alowera pomwepo: gulu la ku Maastricht linafalitsa mu Nature Communications mu 2020 opaleshoni yotere yochitidwa ndi loboti ya MUSA, ndipo loboti ya Symani ya ku Italy inaloledwa ku America mu 2024. Mbali ina ndi ya ma nerve, mitsempha yonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi. Oberlin mu 1994 anatenga kachigawo ka ulnar nerve kuti munthu wopuwala mkono apindenso chigongono, ndipo lero anthu akufufuza njira zochepetsera ululu wa pachitsa cha mwendo wodulidwa, monga TMR, yosokera nerve yodulidwa ku nerve ya mnofu wapafupi, imene Dumanian ndi anzake ku Chicago anaiyesa pogawa odwala mwamaere n'kufalitsa mu 2019. Palinso kukonzeratu opaleshoni ya nsagwada pa kompyuta, n'kusindikiza zida zodulira fupa ndi makina a 3D.

Kusamutsa ziwalo kuchokera kwa womwalira kuli ndi mbiri yake: dzanja ku Lyon mu 1998, nkhope ku Amiens mu 2005, ndipo mu December 2014 gulu la André van der Merwe ku Tygerberg Hospital, Cape Town, linasamutsa chiwalo cha abambo kwa mnyamata amene anachitaya mdulidwe utalakwika. Chimene ndimakonda pa nkhani ya ku Tygerberg ndi kudekha kwawo. Pepala lawo linatuluka mu The Lancet mu 2017, atamutsatira wodwalayo miyezi 24. Ndi pepala la wodwala mmodzi, koma linayankha funso limene aliyense anali nalo.

Kusintha kwakukulu kuposa zonsezi, mwa kuona kwanga, ndi kufunsa wodwala mwini. Kuchokera pamene Andrea Pusic ndi anzake anatulutsa BREAST-Q, mafunso ofunsa odwala mmene akumvera pambuyo pa opaleshoni ya bere, mu 2009, owunika mapepala safunanso kungomva kuti flap inagwira. Akufuna kudziwa ngati munthuyo akuyenda, akudya, akulankhula momveka, wabwerera ku ntchito.

Pali mitundu iwiri ya mapepala imene yachuluka ndipo sindikulimbikitsani. Woyamba ndi wongowerenga mapepala a anthu ena, kuti dziko liti lafalitsa angati ndipo pepala liti latchulidwa kangati. Amalembedwa msanga munthu ali pa laputopu, koma palibe wodwala amene chisamaliro chake chimasintha nawo. Wachiwiri ndi systematic review yosonkhanitsa timapepala tofooka khumi n'kutulutsa nambala imodzi yooneka ngati yamphamvu. Ngati mwatsimikiza kulemba review, lembetsani ku PROSPERO, kaundula wa ma review, musanayambe, tsatirani ndondomeko yolembera ya PRISMA 2020, ndipo fufuzani kaye ngati wina sanaifalitse chaka chatha.

Funso limene inu mungayankhe

Marko Godina wa ku Ljubljana anafalitsa mu 1986, mu Plastic and Reconstructive Surgery, odwala 532 ovulala kwambiri miyendo ndi mikono. Ma flap ochitidwa pasanathe maola 72 anafa osakwana 1 pa 100. Ochitidwa pakati pa maola 72 ndi miyezi itatu anafa 12 pa 100. Pepala limeneli likutchulidwabe mpaka lero, ndipo anthu akutsutsanabe ngati malire a maola 72 akadali oona tsopano pamene kuli makina oyamwa mabala.

Tsono ganizani za munthu amene wagwa pa njinga yamoto ya kabaza, fupa la tibia, lalikulu la kumunsi kwa bondo, lili pamtunda, nyama yachoka. Wayamba wagona pachipatala cha boma la kwawo, kenaka watumizidwa ku chipatala chachikulu, wadikira magazi, wadikira mpata ku fiyeta. Maola 72 anatha kalekale. Magazi ake ndi ochepa, mwina akumwa ma ARV, chakudya chimamuperewera. Kodi flap yake imayenda bwanji? Kodi ndi liti pamene flap ya pafupi, monga gastrocnemius, soleus kapena reverse sural, imaposa free flap? Mapepala a ku Taipei ndi Houston sangayankhe, chifukwa odwala otere kumeneko ndi osowa. Dokotala wa ku Blantyre, Lilongwe, Lusaka kapena Kigali amawaona sabata iliyonse.

Mafunso ena a mtundu womwewu alipo ambiri. Zipsera za moto zimene zakoka khosi kapena chigongono cha mwana. Chotupa cha ameloblastoma chimene chadya theka la nsagwada munthu asanafike kwa dokotala. Kusoka ndi magalasi okulitsa ovala kumaso pamene maikulosikopu palibe. Kutupa miyendo kobwera ndi filariasis: bungwe la WHO linatsimikiza mu 2020 kuti Malawi wathetsa matendawa monga vuto la dziko, koma amene anatupa kale akadali nako, pamene mapepala ambiri a opaleshoni ya lymph amakamba za kutupa kobwera pambuyo pa khansa. Lancet Commission on Global Surgery itanena mu 2015 kuti anthu 5 biliyoni alibe mwayi wa opaleshoni yabwino pa nthawi yake, magazini ambiri anatsegula khomo la mapepala ochokera m'zipatala zosowa zipangizo. Khomolo n'lotsegukabe, koma limafuna manambala oona.

Zolemba m'kaundula

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene mapepala ambiri amagwera. Pa wodwala aliyense lembani zaka zake, ngati amasuta, ngati ali ndi shuga kapena HIV, ndi mlingo wa haemoglobin tsiku la opaleshoni. Lembani chimene chinayambitsa bala, tsiku lovulala ndi tsiku la flap, madeti enieni osati "pafupifupi masabata atatu". Lembani mtundu wa flap, kukula kwake m'masentimita, mtsempha umene mwalumikizako, ngati mwasoka kumapeto ndi kumapeto kapena m'mbali, ma vein angati, mphindi zimene flap inakhala yopanda magazi, ngati munagwiritsa ntchito maikulosikopu kapena magalasi, ndi mankhwala oletsa magazi kuundana amene munapereka. Zimenezi muzilembe musanavule zovala za ku fiyeta. Mawa lake mphindi zimene flap inakhala yopanda magazi mumaziiwala, ndipo fayilo ya wodwala ikapita kosungira mafayilo kuipezanso ndi ntchito ina.

Kenaka lembani zochitika ku wodi. Ma flap ambiri amene amavuta, amavuta m'masiku awiri kapena atatu oyambirira, ndipo kawirikawiri ndi vein imene yatseka. Amene amaona koyamba ndi namwino wa usiku. Amavundukula bandeji, amaunika ndi tochi, amakhudza flap ndi kuseri kwa chala kuti amve ngati ikutentha, amadina n'kuwerenga masekondi mpaka mtundu ubwerere. Pakhungu lakuda mtundu suoneka msanga, ndiye amabaya ndi kasingano: magazi ofiira otuluka pang'onopang'ono ndi abwino, akuda otuluka mothamanga ndiye kuti vein yatseka, osatuluka konse ndiye artery. Lembani ola limene anaona, ola limene anaimba foni, ndi ola limene wodwala analowa mu fiyeta. Maola amenewo pawokha ndi pepala. Njira zoyang'anira flap zimene zili m'mabuku zinalembedwa makamaka poona khungu loyera, ndipo chipatala chimene chingafotokoze bwino mmene anamwino ake amayang'anira flap pakhungu lakuda popanda Doppler, kachipangizo komvera kuyenda kwa magazi, chidzathandiza anthu ambiri.

Gwirizanani tanthauzo la "flap yafa" musanayambe kuwerenga. Yafa yonse? Yafa m'mphepete koma bala latsekeka? Yafa pang'ono koma pafunika opaleshoni ina? Zitatuzi zikhale ndi malo osiyana. Mavuto ena muwaike m'magulu a Clavien-Dindo a 2004, osiyanitsa kukula kwa mavuto a pambuyo pa opaleshoni, kuti wowerenga wa kwina athe kuyerekeza. Musaiwale malo amene munachotsa flap, chifukwa wodwala amakhala nawonso moyo wonse.

Tengani manambala a foni awiri, wa wodwala ndi wa m'bale wake, pamodzi ndi dzina la mudzi ndi mfumu. Wodwala akatuluka ndalama yobwerera ku kiliniki imasowa, ndipo pepala lopanda miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka chomutsatira limafooka. Pofunsa za moyo wake musamasulire mafunso a Chingerezi pakamwa. Linda Chokotho ndi anzake anayesa mafunso a umoyo wa munthu a EQ-5D a m'Chichewa pa odwala ovulala mafupa n'kufalitsa mu Malawi Medical Journal mu 2017, ndipo anachitanso chimodzimodzi ndi SMFA, mafunso a mmene mafupa ndi minofu zikugwirira ntchito. Gwiritsani ntchito amenewo, mutapempha chilolezo kwa eni ake.

Chilolezo ndi maina

Musanatsegule fayilo ya wodwala ndi cholinga cha kafukufuku, pitani ku komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku. Ku Malawi ndi COMREC kapena NHSRC, malingana ndi kumene muli. Magazini yabwino idzafuna nambala ya chilolezo, ndipo makomiti sakonda kuvomereza ntchito imene yatha kale. Ngati mukuyerekeza njira ziwiri pa odwala amene akubwera, lembetsani ku Pan African Clinical Trials Registry wodwala woyamba asanalowe. Lamulo limeneli akonzi a ICMJE, komiti ya akonzi a magazini a zachipatala, analikhazikitsa mu 2005.

Zithunzi ndi mtima wa pepala la opaleshoni yokonza thupi, komanso ndi pamene timalakwira odwala. Kutseka maso ndi kamzere kakuda sikubisa munthu. Mufotokozereni m'chilankhulo chake kuti chithunzicho chidzakhala pa intaneti, kuti mnansi wake angachione, ndipo sichidzachotsedwanso. Akavomera asaine fomu yapadera ya zithunzi, yosiyana ndi ya opaleshoni. Jambulani pa mtunda wofanana, kuwala kofanana, kumbuyo kuli nsalu ya mtundu umodzi.

Nkhani ya maina muikambirane pachiyambi, onse ali pamodzi. ICMJE ili ndi mfundo zinayi zoyenereza munthu kukhala mlembi: anathandiza kwambiri pokonza kafukufuku kapena posonkhanitsa ndi kusanthula zopezeka, analemba kapena kukonza pepala, wavomereza lomaliza, ndipo ali wokonzeka kuyankha pa zonse zili m'menemo. Izi ndi zofunika kwambiri kumene ma free flap amachitika pamene kwabwera madokotala alendo. Zimapweteka kuona alendo atachita opaleshoni sabata imodzi, eni chipatala n'kusamalira odwalawo miyezi yambiri, kenaka pepala n'kutuluka maina a eni ali pakati kapena m'mawu othokoza basi. Mu 2022 magazini ya Anaesthesia inafalitsa mgwirizano wa Morton ndi anzake wopempha kuti mapepala a mgwirizano wa maiko azifotokoza poyera amene anachita chiyani. Utengeni mgwirizanowo, muuike patebulo alendo asanakwere ndege. Clinical officer kapena namwino amene anasunga kaundula mumupatse mpata wowerenga ndi kukonza pepala, kuti akwanitse mfundo zinayizo.

Polemba

Pa webusaiti ya EQUATOR Network pali ndondomeko ya mtundu uliwonse wa pepala. Ya wodwala mmodzi ndi CARE kapena SCARE, ya gulu la odwala a opaleshoni ndi PROCESS, yoyerekeza magulu ndi STROBE, ya maere ndi CONSORT. Isindikizeni musanalembe chiganizo choyamba. Yambani ndi matebulo, kenaka njira, kenaka zopezeka. Mawu oyamba alembedwe pomaliza ndipo ndime zitatu n'zokwana.

Samalani ndi manambala ochepa. Mukachita ma flap 20 osafa ndi imodzi yomwe, musalembe kuti njira yanu silephera. Pali lamulo losavuta la atatu: gawani 3 ndi chiwerengero cha ma flap, ndiye kuti kulephera kwenikweni kungafike pafupifupi 15 pa 100. Ngati ma flap atatu okha ndi amene afa, simungapeze chimene chinawapha poika zinthu khumi mu regression, masamu ofufuza zoyambitsa. Afotokozeni atatuwo mmodzimmodzi. Nenani momveka ngati mukuwerenga odwala kapena ma flap, poti wodwala mmodzi angakhale ndi awiri. Ndipo musachotse ma flap oyamba amene anafa muli kuphunzira. Wounika wodziwa ntchito akaona gulu latsopano lili ndi 100 pa 100 amakayikira pepala lonse, pamene dokotala wa ku chipatala china amene akufuna kuyamba akufunitsitsa kudziwa chimene chinavuta pa ma flap khumi oyambawo.

Ngati mwagwiritsa ntchito pulogalamu monga ChatGPT pokonza Chingerezi, nenani m'pepalamo. ICMJE inanena mu 2023 kuti pulogalamu yotere singakhale mlembi. Pepala lililonse limene mwatchula mulitsegule nokha pa PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a zachipatala, chifukwa mapulogalamuwa amapeka maumboni.

Kusankha magazini

Magazini a ntchitoyi ndi Microsurgery, Journal of Reconstructive Microsurgery, Plastic and Reconstructive Surgery ndi mnzake waulere kuwerenga PRS Global Open, JPRAS imene kale inali British Journal of Plastic Surgery, Annals of Plastic Surgery, ndi magazini a opaleshoni ya dzanja. Kuno kwathu kuli Malawi Medical Journal, imene ili pa PubMed, ndi East and Central African Journal of Surgery ya COSECSA, koleji ya madokotala a opaleshoni a chigawo chino cha Africa. Dzifunseni kuti amene ayenera kuwerenga pepalali ndani. Ngati ndi dokotala wa pachipatala cha boma amene ayenera kutumiza wodwala msanga, magazini ya kuno imamufika kuposa ya ku America. Werengani makope a chaka chathunthu a magazini imene mwasankha. Zipatala ndi masukulu a ku Malawi angalembetse ku Hinari, ya pansi pa Research4Life, n'kumawerenga ambiri mwa magazini amenewa kwaulere.

Magazini ena aulere kuwerenga amalipiritsa wolemba, ndipo ndalama yake ingapose malipiro a dokotala a miyezi ingapo. Ofalitsa ambiri amakhululukira olemba a m'maiko osauka, koma pemphani musanatumize pepala, ndipo yankho likhale lolembedwa. Magazini ambiri amene owerenga amalipira salipiritsa wolemba, kupatula mwina zithunzi za mitundu. Imelo ikabwera yokutamandani ndi kulonjeza kufalitsa m'masiku asanu, ifufuteni. Onani ngati magaziniyo ili mu DOAJ kapena MEDLINE, mindandanda ya magazini ovomerezeka, ndipo yankhani mafunso a pa Think. Check. Submit. Pepala likalowa m'magazini yachinyengo kulitulutsamo n'kovuta kwambiri, ndipo magazini yabwino singalilandirenso.

Tumizani ku magazini imodzi pa nthawi imodzi. Yankho likabwera loti mukonze, imeneyo ndi nkhani yabwino. Koperani ndemanga iliyonse ya wounika, pansi pake mulembe chimene mwasintha ndi tsamba ndi mzere wake. Akafunsa chinthu chimene mulibe, monga CT angiogram (chithunzi cha mitsempha ya magazi) ya wodwala aliyense, musapepese mopitirira. Fotokozani kuti chipatala chanu chilibe, nenani chimene munachita m'malo mwake, ndipo muchiike m'gawo la zofooka za kafukufuku. Akakana pepala, tengani ndemanga zothandiza, konzani, sinthani kalembedwe kuti kagwirizane ndi magazini yotsatira, ndipo mutumize pasanathe mwezi. Pamene mukudikira, imbirani foni odwala amene chaka chakwana, muwonjezere mayankho awo m'kaundula.